Mkamwini Analavula

Clotilda ankatcheza kachasu, pomwe mwamuna wake Maybin anali chidakwa chosiya. Anthu akamva zimenezi amapukusa mutu, amvekere mayiyo ankaweta mbuzi m'khola la fisi. Kuyankhula n'kosavuta munthu ukakhuta. Chilala cha 1995 chitapsereza chimanga ku Bundabunda konse, palibe ndi mmodzi yemwe wa anzeruwo amene anafika pakhomo pa Clotilda ndi kambale ka ufa. Chimene mayiyo anali nacho ndi mgolo wa malemu amayi ake, paipi yodutsa m'tayala lodula lothiramo madzi ozizira, ndi manja odziwa ntchitoyo chiyambire utsikana wake.

Maybin sanali wa kumeneko. Anakulira ku migodi, ntchito n'kukaipeza ku Lusaka, m'bala ya hotela ina yaikulu, kumene ankavala malaya oyera ndi katayi kakuda kopingasa pakhosi. Zaka zambiri ankathirira azungu ndi mabwana mowa, ndipo pomaliza anayamba kudzithirira yekha. Nthawi ija makampani a boma anayamba kugulitsidwa ngati tomato, a hotelayo atafuna kuchepetsa antchito sanavutike kusankha woyamba kumuchotsa. Anangotsata fungo.

Zimene zinatsatira ku Chawama, komboni imene ankakhala mu Lusaka, Clotilda sankafuna kuzikumbukira. Wailesi inapita, mipando inapita, nsapato zake za ukwati nazonso zinamwedwa. Ndiye tsiku lina masana Maybin analowa m'nyumba akudzandira n'kugwera pa mbaula. Makala anakhuthukira pamkeka pomwe panagona mwana wawo Kondwa, amene anali asanayambe kuyenda, ndipo mkono wa mwanayo unapsa kuyambira pachigongono mpaka paphewa. Kuchipatala Clotilda ananama kuti mwana anakwawira yekha pamoto. Bodza limenelo anabwera nalo kumudzi n'kumaliuza aliyense, ngakhale Kondwa mwiniwake atakula. Maybin anagwada pakhonde la chipatala, nalumbira kuti dontho la mowa silidzadutsanso pakhosi pake. Malumbiro a chidakwa timawadziwa tonse, amauma msanga kuposa mame. Koma akewo anagwira, ndipo banja lonse la Clotilda linatsamira pa lumbiro limenelo.

Kumudzi anawalandira ndi amalume ake a Clotilda, a Zebron, nkhalamba yoseka ndi aliyense. Anawapatsa malo omangapo, nawapatsanso dimba la kumtsinje limene linali litagona chimwalirire mayi a Clotilda. Amene sanasekere ndi Robson, mlongo wake wamkulu wa Clotilda. Dimbalo sanalilimepo ndi kale lomwe, koma litangoyamba kubiriwira ndi repu wa mkamwini, Robson anakumbukira kuti linali la amayi ake.

Clotilda atatulutsa mgolo uja chaka cha chilala, ankafuna azitchezera kutali, kuthengo, kuti fungo lisamafike kunyumba. Maybin ndiye anakana.

"Bamake Kondwa, nasiya kumwa, sininasiye kuziba," iye anatero. "Lilime ni yanga. Pakhosi ndiye ninapasa Mulungu. Tiyeni nikutandizeni."

Anakangana mpaka nkhuku kuthawa pabwalo, koma njala ndi imene inaweruza mlanduwo. Ndipo chilungamo n'chakuti bamboyo ankadziwadi. Akakhala pachitsa kuseri kwa khitchini, moto uli lawilawi pansi pa mgolo, ankasanduka munthu wa katayi uja. Ankauza mkazi wake kuti mowa umene mabwana amautcha jini ndi kachasu yemweyu, kungoti wovala suti. Ankati anayamba ndi Adatchi, amene ankatcheza mowa wa chimera n'kuthiramo tizipatso ta mtengo wina wonunkhira ngati mkungudza, ati ndi mankhwala. Asilikali a Angerezi ataulawa kunkhondo anapita nawo kwawo, ndipo kumeneko amphawi anaumwa mpaka boma linaimika makutu.

"Nabo benze kupikila kumbuyo kwa nyumba monga ise," ankatero akuseka. "Nabo benze kutaba bakapokola. Manje lelo ni moba wa mabwana."

Ankati jini sali mmodzi. Wa Adatchi ndi wolemera, umakhalitsa palilime ndi kakomedwe ka chimera. Ulipo wina wotsekemera, umene kale ankauthira shuga pofuna kubisa kuti sunatchezedwe bwino. Ndiye pali wouma wa ku London, woyera mbee, wopanda chobisa, umene umangodutsa n'kusiya kafungo ka masamba m'mphuno. Clotilda ankamvetsera uku akusonkhezera moto, theka la mtima likukondwa kuti mwamuna wake akadali ndi chonyadira, theka lina likunyansidwa ndi mmene maso ake ankawalira potchula mayinawo, ngati akutchula zibwenzi zakale.

Koma malangizo ake anagwira ntchito. Anamuuza azitaya madontho oyambirira, mutu uja zidakwa zimaulirira, poti ndi umene umang'amba mutu m'mawa. Anamuuza azitcheza kawiri. Mowa wina ankauikamo makoko a mandimu, wina masau ouma ochokera ku Luangwa, wina n'kumusiya wolemera ndi chimera chambiri. Posakhalitsa ku Bundabunda anthu anasiya kungoti ndipatseni kachasu. Ankati ndipatseni wouma, kapena wa masau, ngati ali kuhotela, mapazi ali mbuu. Madalaivala a minibasi za ku Chongwe ankapatuka n'zigubu zawo, ndipo aphunzitsi ankatuma anthu mwakachetechete.

Kulawa ndiye kunali kwa Maybin. Ankatchera supuni kukamwa kwa paipi, n'kupsontha pang'ono, n'kuyendetsa m'kamwa maso ali chitsinzinire. Kenako ankatembenuza mutu, thu! paphulusa. Akatero ankanena kuti apa sinthani botolo, kapena apa chepetsani moto, n'kutsuka m'kamwa ndi madzi. Clotilda sankayang'ana. Ankapereka msana dala, ngati akuwaza nkhuni, chifukwa sankafuna bamboyo aone kuti akumulonda. Koma makutu ake ankakhala pa supuniyo, ndipo mpweya ankaugwira mpaka atamva thu! uja. Zaka zinapita choncho, ndipo panalibe tsiku limene thu! sanamveke.

Chakudza sichiyimba ng'oma. M'chaka cha 1999, atakolola bwino, Clotilda anaitana dima kuti abale amuthandize kututa chimanga ndi kuimika nkhokwe yatsopano. Ntchito inatha dzuwa lili pamutu, amuna nakhala pansi pa mtengo wa mango, chigubu cha wouma chili pakati. Tsono kumeneko mowa sumwedwa mwachisawawa. Mwini mowa ndiye amayamba kumwa m'kapu imene akupereka, anthu akuona, n'kumeza. Amati kuchotsa mankhwala. Palibe amene amaganizadi kuti mwaikidwa chiphe, koma palibenso amene angalandire kapu imene mwiniwake sanayambe wamwako. Nthawi zonse Clotilda ndiye ankachita mwambowu, poti iye kakumeza kamodzi sikankamuvuta. Maybin ankakhala chapatali ndi kapu yake ya tiyi, anthu n'kumati ndi wopemphera.

Tsikulo nyemba zinayamba kupserera. Clotilda anaika chigubu ndi kapu pansi n'kuthamangira kukhitchini, akuti abwera pompano. Koma ludzu la amuna olima silidikira nyemba. A Zebron anatola kapu ija, yachitsulo yoyera yokhala ndi mkombero wabuluu, naithira okha, nailozetsa kwa Maybin.

"Bapongozi, nimwe bene ba nyumba. Tichoseleniko mankwala, pakosi pauma."

Mkamwini angakane bwanji kapu yochokera m'manja mwa apongozi, pamaso pa anthu amene angomumangira nkhokwe? Maybin anagwada, nalandira ndi manja awiri. Anapsontha. Anayendetsa m'kamwa, maso chitsinzinire. Ndipo pakamwa panachita zimene panazolowera zaka zonsezo, mutu usanaganize n'komwe.

Thu!

Clotilda analimva phokosolo akutulukira pakona ya khitchini, chikombe chili m'manja, ndipo kwa nthawi yoyamba linamuziziritsa m'mafupa. A Zebron anayang'ana malovu padothi, nayang'ana mkamwini wawo, kenako anaphulika kuseka.

"Ba ku tauni aba! Moba bamachapila mano!"

Analanda kapu ija namwa yonse, ena n'kusekera pomwepo, ndipo chigubu chinazungulira mpaka kuuma. Amuna anabwerera kwawo akuimba. Robson yekha ndiye sanaseke. Anayang'anitsitsa pamene panagwera malovu paja, nkhaniyo n'kuipinda bwinobwino kuisunga.

Sabata isanathe, a Zebron anagwa m'munda mwawo akuzula mapesi. Powadzutsa anapeza pakamwa papindikira kumbali, mkono ndi mwendo wakumanja zafa, mawu atha. Anawatengera pangolo kuchipatala, ndipo adokotala anati ndi kuthamanga kwa magazi, matenda amene ankawachenjeza kalekale kuti azimwa mapiritsi iwo n'kumakana. Mawu amenewo anathera pageti ya chipatala. Ngolo isanafike kumudzi, mawu ena anali atafika kale, ndipo anali amodzi okha: analavula.

Ha, anthu! Amuna omwe aja anamwa m'chigubu chimodzi ndi nkhalambayo, omwe aja ananyambita kapu yomweyo n'kupita akuimba, tsopano aliyense anayamba kukumbukira kuti tsikulo m'mimba munamupota. Wina anati anaona Maybin akuviika chala m'kapu. Wina anati anthu a ku migodi amasunga mankhwala pansi pa chikhadabo. Pamjigo amayi ankasuntha ndowa zawo Clotilda akafika. Kondwa, amene tsopano anali m'giredi 2, anabwera kusukulu akulira, anzake atakana kudya naye chimanga chokazinga. Pakhomo pomwe pankadzaza anthu Loweruka panangotsala nkhuku.

Clotilda anapita kwa Robson ali lawilawi. Anamupeza akusema mpini, ndipo ulemu wa kwa mlongo wamkulu anausiya panjira.

"Iwe Robson, siunamwe? Siunamwe makapu yabili mu kapu yamene ija? Nanga ulipo bwanji, uyenda na mendo yonse?"

"Mankwala yamaziba mwine wake," anatero Robson osadzutsa mutu. "Nanga analavulila chani? Niuze. Muntu wa mutima woyela amalavula kapu ya bapongozi?"

"Samamwa moba, uziba!"

"Samamwa, koma apika. Samamwa, koma aziba uyu ni wouma, uyu ni wa masau. Aziba bwanji?"

"Ufuna dimba, kamba chabe!"

Robson anapitiriza kusema. Clotilda ankafuna kumulanda kasemasema uja amuonetse, koma khoswe akakhala pamkhate sapheka. Anali mlongo wake wa bere limodzi, ndipo a Zebron atagona chonchi, mawu a banja anali atagwera m'manja mwake.

Uthenga unabwera ndi a Dailes, akazi a a Zebron, amene sanalowe n'komwe pabwalo. Anaima kumpanda n'kunena kuti banja likumana Lachinayi m'mawa. Kapu ija, ati Robson anaitenga tsiku la dima lija n'kuisunga osatsuka. Mkamwini akamuthirire mowa wake womwewo m'kapumo, amwe wonse pamaso pa anthu. Akakana, ndiye kuti wavomera mlandu, anyamule chikwama chake, dimba ndi nkhokwe asiye.

Lachinayi m'mawa Clotilda anamupeza Maybin akusita malaya oyera aja a kuhotela, amene kolala yake inali itayamba kunyenyeka.

"Batate ba Kondwa, tiyeni tichoke. Tingapeze kapuloti ku Kanakantapa, olo tibwelele ku Lusaka."

"Tikadye chani? Nabantu bazakamba ati zoona anali na mulandu, wataba. Kondwa azakula na zina ya mwana wa mfiti." Anapinda malayawo pamkono. "Nizabafotokozela bwinobwino. Ni bantu, bazamvela."

"Lumbilani kuti simuzamwa."

"Ninalumbila kale, bamake Kondwa. Sibalumbila kabili."

Banja linakumana pabwalo la a Zebron. Nkhalambayo anaitulutsa n'kuitsamiritsa kukhoma pampando wa chikumba, nsalu ili pachifuwa yolandira dovu. Anthu anabwera ambiri kuposa a banja, chifukwa mlandu wa mnzako ndi wokoma kuonerera. Pakati panali kapu ya mkombero wabuluu ndi botolo la wouma limene Robson anakatenga yekha kunyumba kwa Clotilda. Robson anathira mpaka pakamwa pa kapu.

Maybin anaimirira nafotokoza mwaulemu, manja ali kumbuyo. Anati kuhotela anaphunzitsidwa kuti wolawa mowa sameza, chifukwa akameza lilime limagona. Anati umu ndi mmene amachitira tsiku lililonse lotcheza, ndipo tsiku lija pakamwa panangomutsogolera. Anapepesa kwa apongozi, napepesa kwa banja. Anayankhula bwino zedi, ndipo n'chimene chinamuipira. Anthu anayamba kuseka.

"Moba wolaba monga ndiwo!" anakuwa wina.

"Tamvela, mulamu," anatero Robson. "Lelo lilime igoneko. Kapu iyo."

Clotilda anadumpha naigwira kapuyo. "Nine ninapika. Nizamwa ine!"

Robson anamugwira dzanja. "Iwe ndiwe mwana wa pano, palibe wakupasa mulandu. Ikapo pansi."

Apa mkwiyo umene Clotilda anakhala akuumeza masiku onsewo unasefukira. Anayang'ana nkhope zimene zinamuzungulirazo, nkhope zoti ankazidziwa zili zoledzera, zikumupempha kadontho ka pamwamba, zikusanza kuseri kwa nkhokwe yake. Zidakwa zokhazokha, lero zavala nkhope za oweruza, kudzakakamiza munthu mmodzi yekha amene anakwanitsa chimene iwo onse chinawakanika! Anawalalatira mmodzimmodzi. Anauza wina kuti anagona m'ngalande pa Khirisimasi, mkazi wake n'kumunyamula pawilibala. Anauza wina kuti anagulitsa feteleza wa banja lonse n'kumwera. Anauza a Dailes kuti mapiritsi a amuna awo anathera m'chimbudzi iwo akuona. Koma kulalata sikuchotsa kapu pansi. Anthu anangodikira kuti mpweya umuthere.

"Wasiliza?" anafunsa Robson. "Tonse timamwa, inde. Ndiye chifukwa tifunsa: mwamuna mukulu ayopa chani pa kapu imozi? Ngati mulibe kantu, ayopa chani?"

Funsolo linali ndi yankho, ndipo yankholo linali litaima kumbuyo kwa Clotilda, likugwira chitenje chake. Clotilda sanaganize. Akanaganiza akanaluma lilime mpaka magazi. Anamukoka Kondwa kumubweretsa pakati pa bwalo, napinda mkono wa diresi lake mpaka paphewa, chipsera chonse chili poyera, chonyezimira, chokwinyika ngati chikopa cha mbuzi chowauka.

"Mufuna kuziba vamene ayopa? Onani! Ninakunamizani monse ati mwana anakwabila pa mbaula. Sanakwabe! Anali gone pa mpasa. Ni batate bake aba, banangena bokolewa, banagwela pa mbaula, malasha yonse pa mwana! Kuchokela siku ija sibanamezepo, ndiye mwamene tinakalilako bantu. Kapu imozi? Kuli aba kulibe kapu imozi! Mukabamwesa iyi mwanipaila nyumba!"

Clotilda ankapuma mwabefu, ndipo kwa kamphindi anaganiza kuti wapambana, chifukwa amayi ena anagwira pakamwa, ndipo Robson anayang'ana pansi. Kenako anamva kamkono kaja kakudzisolola m'dzanja lake. Kondwa anatsitsa mkono wa diresi pang'onopang'ono, nauphimba ndi dzanja linalo. Sanalire. Anatembenukira kwa bambo ake, munthu amene ankamuperekeza kusukulu m'mawa uliwonse, amene ankamudzoza mafuta pachipsera chomwecho nthawi yozizira.

"Ni imwe, batata?"

Maybin anayang'ana mwana wake. Anayang'ana anthu, amene tsopano ankamuona ndi maso ena, oipa kuposa oyamba aja, maso a chisoni chosakanikirana ndi kunyansidwa. Wina kumbuyo ananong'ona kuti munthu wootcha mwana wake angalephere chiyani, ndipo kunong'onako kunamveka bwalo lonse. Pomaliza anayang'ana Clotilda. Mayiyo akanakonda akanamutukwana, kapena kumumenya kumene. Koma bamboyo anangomuyang'ana ngati munthu amene wavulidwa pamsika ndi yemwe ankamusungira zovala.

Anawerama natola kapu.

"Batate ba Kondwa, osayesa!"

Kukhoma kuja a Zebron anayamba kuvutika pampando. Anadzutsa dzanja lamoyo lija n'kumaligwedeza uku ndi uku, akubuula, "Aa... aa... aa!" Dovu linkatsika, maso ali tong'o pa kapuyo. Aliyense wa maso ankaona kuti nkhalambayo ikukaniza.

"Mwamvela," anatero Robson. "Bamalume bakamba ati amwe."

Maybin anamwa. Sanapsonthe, sanayendetse m'kamwa. Clotilda anaona kholingo likukwera ndi kutsika, kukwera ndi kutsika, pamwamba pa kolala yonyenyeka ija, mpaka kapu inayang'ana kumwamba. Bamboyo anaitembenuza kuonetsa anthu kuti yauma, naiika pansi bwinobwino, napukuta milomo ndi kumbuyo kwa dzanja.

"Wouma," anatero chapansipansi, ngati akudziuza yekha. "Unachoka bwino uyu."

Anthu anadikira pang'ono kuti aone ngati bamboyo agwe. Ataona kuti waima chiimire, anamasuka. Wina anaomba m'manja. A Dailes anati Mulungu ndi wamkulu, mitima yayera tsopano. Robson anabwera nagwira chanza mlamu wake, akumugwedeza mwamphamvu, amvekere nkhani yasila mulamu, tinali kufuna chabe kuziba, dimba limani. Botolo lija linayamba kuzungulira, ndipo aliyense ankaliyamikira. Bambo wa pawilibala uja anafika kwa Clotilda akumwetulira, kufunsa ngati Loweruka kudzakhala wa masau. Clotilda anamulavulira pamapazi, ndipo palibe amene anaitanitsa bwalo pa malovu amenewo.

Anabwerera kunyumba atatu, aliyense payekha. Kondwa anali patsogolo, dzanja likadali pamkono. Maybin anali pakati, akuyenda mowongoka ndithu, osadzandira. Tsikulo sanapemphe mowa wina. Anavula malaya oyera, napita kudimba kukathirira repu. Mawa lake anachitanso chimodzimodzi. Pa nkhani ya pabwalo sanatchulepo kanthu, ndipo Clotilda atayamba kupepesa, iye anangoti mwakamba zoona, bamake Kondwa, palibe bodza. Kondwa anayamba kupita kusukulu yekha, m'mamawa, bambo ake asanatuluke m'nyumba. Mafuta a pachipsera ankadzola yekha kuseri kwa chitseko.

Clotilda anayamba kudziuza kuti mwina zatha bwino. Mwina zaka zonse zija zinamanga mpanda umene kapu imodzi singagwetse. Anaganiza zosiya kutcheza, agulitse mgolo, aziphika zitumbuwa pamsewu waukulu. Koma m'mbiya munali kale gaga ndi shuga zimene anaviika mlandu usanayambe, ndipo zinali zitawira mpaka kununkha. Anati aziwona mawa, mwina akazikhuthulire nkhumba za eni.

Loweruka m'mawa, pobwera kumjigo, anaona utsi kuseri kwa khitchini. Maybin anali atathira kale m'mgolo, atamata chivundikiro ndi dothi, atadzaza madzi m'tayala. Anali pachitsa chake, supuni ili m'manja.

"Vingaonongeke," iye anatero osamuyang'ana. "Bantu bazabwela masana."

Clotilda anatula ndowa. Ankafuna kukankha mgolowo ugwe, ankafuna kukuwa mpaka amve a ku Chongwe. Koma anali atakuwa kale kamodzi, ndipo anaona chimene kukuwako kunagula. Anatola nkhwangwa napereka msana monga mwa masiku onse, n'kuimika chikuni.

Paipi inayamba kudontha m'botolo. Anamva bamboyo akukhuthula madontho oyambirira pansi. Anamva supuni ikugunda kukamwa kwa paipi. Anamva kupsontha. Anagwira mpweya, nkhwangwa ili m'mwamba, nadikira.

Nkhuni zinkathetheka pansi pa mgolo. Tambala analira kwa a Zebron. Nkhwangwa inayamba kumulemera m'manja, koma Clotilda anadikirabe.

"Sininamvele bwino," anatero Maybin kumbuyo kwake. "Lekani nilabenso."

Ndipo supuni inagundanso paipi.